Tulo pa maloboti

Tsiku limene ndinagona pa maloboti linali Lachinayi, kutatsala masabata awiri kuti Khrisimasi ifike. Kunali ku Leicester, nthawi itapitirira 8 koloko usiku, kunja kukuzizira moti zala zinkakana kudina foni. Ndinaima pa getsi lofiira n'kunena mumtima kuti nditsinzine pang'ono chabe, maso apume. Chomwe ndinamva pambuyo pake ndi hutala ya basi kumbuyo kwanga. Getsi linali litasintha kale, phazi langa litayamba kuchoka pa buleki, vani ikukwawa yokha kulowera pamphambano. Sindinagunde munthu. Ndinakhotera pambali, n'kuzimitsa injini, thupi lonse lili njenjenje ngati wodwala malungo. Kenako ndinayang'ana pa foni. Panali patatsala maphukusi 23. Ndinalizanso galimoto.

Kwa inu amene simunaionepo ntchito imeneyi, imayenda chonchi. Umafika ku depoti cha m'ma 6 koloko m'mawa, n'kuima pamzere kudikira katundu wako. Kupakira umapakira wekha. Ukatha, foni imakuuza khomo loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza, ndipo nyengo ya Khrisimasi makomowo amapitirira 150. Umatsika, kuthamanga, kugogoda, kujambula chithunzi cha phukusi pakhomo, kuthamanganso. Vani ndinkachita kubwereka, mafuta ndinkathira ndekha, ndipo pa mapepala ndinali munthu wodzilemba ntchito yekha. Bwana wa ine mwini, eti. Kampani yake sindiitchula, chifukwa anzanga a m'makampani ena ankadandaula zomwezo.

Lamlungu lake ndinapita kukadya nsima kwa amalume. Iwo akhala kuno zaka zoposa 20 ndipo amayendetsa mathiraki akuluakulu, kutsika ndi kukwera M1 ya kuno, osati yathu ija ya pa Zalewa. Ndinawafotokozera nkhani ya pa maloboti ngati nthabwala, ndikuyembekeza kuti tiseka. Sanaseke. Anaika mbamu pansi.

"Unali utagwira maola angati?"

"Sindinawerenge, amalume. Mwina 14."

"Nanga dzulo lake?"

"Chimodzimodzi."

Anatulutsa chikwama cha m'thumba n'kusololamo kakhadi kokhala ndi chithunzi chawo. "Ukukaona aka? Ine ndikayendetsa maola anayi ndi theka osaima, kamakina ka m'thiraki kamalemba m'kakhadi aka. Akandigwira, chindapusa ndi changa, abwana nawonso chawo. Iwenso lamulo ulinalo, mphwanga. Kuyendetsa ndi maola 10, ntchito yonse maola 11 patsiku. Kungoti kwa iwe palibe amene akuwerenga."

Ndinkaganiza kuti akungondiopseza. Usiku womwewo ndinafufuza pa tsamba la boma, ndipo zinali zoona. Ndinali nditagwira ntchito miyezi itatu ndikuphwanya lamulo lomwe sindinkadziwa kuti liliko, ndiponso palibe amene anandiuzapo. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga kuti lamuloli linachokera kuti, komanso chifukwa chimene limagwira amalume koma ine n'kumandiphonya. Zomwe ndinapeza ndi izi.

Galimoto zisanabwere, maphukusi a mu London ankayenda pa ngolo zokokedwa ndi mahatchi. Makampani monga Pickfords ndi Carter Paterson ankatola katundu ku masiteshoni a sitima n'kumugawa khomo ndi khomo, ndipo pa 1 Ogasiti 1883 positi ofesi nayo inayamba kunyamula maphukusi. Woyendetsa ngolo ankatuluka kusanache n'kubwerera usiku. Lamulo la maola ake kunalibe. Komabe malire analipo, ndipo ankawaika ndi hatchi. Hatchi ikatopa imaima, uikwapule usaikwapule. Komanso hatchi ankachita kugula ndi ndalama zambiri, choncho mwini kampani ankaonetsetsa kuti yadya, yamwa, yapuma. Ikafa, walowa m'thumba. Munthu akagwa, m'mawa mwake pageti pamakhala pataima wina.

Ndikuwerenga zimenezi ndinakumbukira liwu lathu lija lakuti mtengatenga. Lero tikamva liwuli timaganiza za unduna, misewu ndi mabasi. Koma nthawi ya atsamunda amtengatenga anali anthu, azigogo athu, osenza katundu pamutu kuchokera kudooko kukwera mapiri, chifukwa m'madera ambiri kashembe ankapha ng'ombe ndi mahatchi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anatengedwa miyandamiyanda kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sanabwerere. Kumene kunalibe hatchi, munthu ndiye anali hatchi, koma wopanda womudera nkhawa ngati mmene ankaiderera hatchiyo. Mdzukulu wawo ndi uyu, ali mu vani ku Leicester. Koma tibwerere ku Britain, kumene kuli nkhani yathu.

Kulimbana kofuna kuchepetsa maola a ntchito kunayambira m'mafakitale. Mu 1817 Robert Owen, mwini fakitale ya thonje ku New Lanark ku Scotland, ankalalikira zogawa tsiku patatu: maola 8 ntchito, maola 8 zako, maola 8 tulo. Anthu ankamuona ngati wolota. Mu 1847 Nyumba ya Malamulo inavomera maola 10 patsiku, koma kwa amayi ndi achinyamata a m'mafakitale a nsalu okha. Amuna akuluakulu, makamaka ogwira ntchito zapaulendo, ankati ndi anthu aufulu, azigwirizana okha ndi mabwana awo. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa tikumana nawonso.

Chomwe chinayamba kusintha maganizo a anthu si chisoni ayi, koma mantha. Wa m'fakitale akagona pantchito amadzidula yekha dzanja. Wa pa sitima akagona amapha anthu ena, kuphatikizapo olemera amene akwera kutsogolo. Mu Novembala 1892, pafupi ndi Thirsk ku Yorkshire, panali bambo wina dzina lake James Holmes amene ntchito yake inali kupereka zizindikiro kwa sitima. Mwana wake wakhanda anadwala, iye n'kukhala tsiku lonse osagona akusaka dokotala, ndipo mwanayo anamwalira. Anapita kwa akuluakulu kukanena kuti usiku umenewo sangathe kugwira ntchito. Womulowa m'malo sanapezeke. Analowa ntchito, tulo tinamuba, n'kuiwala kuti sitima ya katundu yaima pa njanji. Sitima ya anthu yochokera ku Edinburgh inadzaiwomba kumbuyo, anthu pafupifupi 10 n'kufa. Khothi linamupeza wolakwa koma linamumasula osamupatsa chilango, ndipo anthu ambiri ankaloza chala kampani. Chaka chotsatira, mu 1893, kunabwera lamulo lopatsa boma mphamvu yolowererapo ngati kampani ya sitima ikugwiritsa anthu ntchito maola opyola muyezo.

Nkhani ya Holmes ndinaiwerenga kawiri. Munthuyu anachita chilichonse choyenera. Ananena kuti watopa. Anauzidwa kuti palibe wina.

Nkhondo yoyamba itatha, mayiko anakumana ku Washington mu 1919 pamsonkhano woyamba wa bungwe la ILO, ndipo pangano loyamba lenileni lomwe anapanga linali la maola: 8 patsiku, 48 pasabata. Britain sinalivomereze panganoli mpaka lero. Koma nambala ya 48 inayenda dziko lonse. Ndi yomweyo imene ili m'lamulo lathu la ntchito ku Malawi, la chaka cha 2000.

Pa nthawiyo n'kuti misewu ya ku Britain ikudzaza ndi malole. Asilikali obwera kunkhondo ankagula malole otsala a gulu lankhondo motchipa n'kuyamba geni yonyamula katundu. Injini si hatchi. Siitopa, siikana, bola mafuta. Malire aja anachoka, ndipo amene ankapeza katundu ndi amene ankalola kuyenda usana ndi usiku pa mtengo wotsika. Mu 1930 anthu oposa 7,000 anafa pamsewu. Chaka chomwecho nduna ya zamtengatenga Herbert Morrison inadutsitsa lamulo lalikulu la pamsewu, ndipo mmenemo munalowa malire oyamba a dalaivala wa galimoto za katundu ndi mabasi: asayendetse kupitirira maola asanu ndi theka osapuma, asapyole maola 11 patsiku, ndipo apeze maola 10 otsatizana opumula.

Papepala zinali bwino. Koma wapolisi akaimitsa lole pamsewu, akanadziwa bwanji kuti dalaivala wadzuka nthawi yanji? Choncho mu 1933 kunabwera lamulo lina lokhudza malaisensi a onyamula katundu, lomwe linalamula kuti maolawo azilembedwa. Apa ndi pamene panabadwira buku la dalaivala. Vuto n'lakuti wolemba bukulo anali dalaivala yemweyo, cholembera chili m'manja mwake, bwana ali pambuyo pake. Amalume akuti atangoyamba ntchito kuno anapeza madala ena achizungu amene ankasimba mosekerera kuti kale ankayenda ndi mabuku awiri, lina la apolisi, lina la malipiro.

Lamulo limene limandikhudza ine linabwera mu 1968. Linayambitsidwa ndi Barbara Castle, mayi amene anali nduna ya zamtengatenga ngakhale kuti iye mwini sankayendetsa galimoto. Ndi mayi yemweyu amene anabweretsa kachipangizo kopumiramo koyezera mowa kwa madalaivala. Lamulo la 1968 ndilo linaika manambala awiri aja amene amalume ananditchulira pa nsima: maola 10 pa chiwongolero, maola 11 pa ntchito yonse. Koma lamulo lomweli linachitanso chinthu china chomwe nthawi imeneyo chinkaoneka chaching'ono. Linakhazikitsa laisensi ya eni magalimoto a katundu, n'kusiya kunja tigalimoto ting'onoting'ono. Mzere unadzakhazikika pa matani 3.5. Pamwamba pa mzerewo pali laisensi, mabuku, oyendera. Pansi pake pali vani ya wophika buledi, ya pulambala, ya wogulitsa maluwa, anthu amene ankayendetsa pang'ono n'kumagwira ntchito zina. Palibe amene ankaganiza kuti tsiku lina dziko lonse lizidzagula nsapato, mabuku ndi chakudya cha galu pa foni, zonsezo n'kumadzera pansi pa mzere umenewo.

Tsopano nkhani ya kamakina ka amalume. Dzina lake ndi tachograph, madalaivala amangoti tacho. Ka makedzana kanali ngati wotchi, m'kati mwake muli kapepala kozungulira kopakidwa phula. Galimoto ikamayenda, timasingano tinkakanda pa kapepalako liwiro, mtunda ndi nthawi. Ukaima kankalemba kuti waima. Ukanama kankakutsutsa. Ku Germany anayamba kukakamiza kamakinaka m'zaka za m'ma 1950, ndipo mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya unaika malamulo ake a maola mu 1969 ndi a tacho mu 1970. Britain inalowa mumgwirizanowo mu 1973, ndiye kuti inayenera kutsatira.

Apa pali chinthu chomwe chinandidabwitsa. Ndinkayembekeza kuwerenga kuti mabwana ndiwo ankakana, madalaivala n'kumafuna. Ayi ndithu. Madalaivala ndi mabungwe awo anali patsogolo kukana. Anakapatsa dzina lakuti kazitape wa m'galimoto. Boma, poopa sitalaka, linazengereza zaka ndi zaka, mpaka khothi la mayiko a ku Ulaya linagamula mu Febuluwale 1979 kuti Britain yaphwanya pangano. Pofika kumapeto kwa 1981 malole akuluakulu onse anayenera kukhala ndi tacho.

Ankakaniranji chinthu chowateteza? Chifukwa china chinali ulemu: munthu wamkulu safuna kulondalondedwa. Koma chifukwa chachikulu chinali ndalama. Malipiro a pa ola anali otsika, ndipo banja linkadya chifukwa cha maola owonjezera. Kumudulira munthu maola osamukwezera malipiro ndi kumudulira ndiwo. Ine izi ndikuzimvetsa bwino kwambiri, aise. Mwezi umene ndinagona pa maloboti uja ndinali nditalonjeza fizi ya mlongo wanga ndi feteleza wa amayi. Munthu akanabwera n'kundiuza kuti ndiweruke 5 koloko, ndikanamuona ngati mfiti. Tisanamizane kuti otikakamiza ndi mabwana okha. Nthawi zina chikwapu chimakhala uthenga wa pa WhatsApp wochokera kumudzi, wolembedwa mwachikondi.

Komabe tacho inasintha ntchito ya malole, ndipo inaisintha m'njira imene okana aja sanaiganizire. Inapatsa dalaivala chonena. Kale bwana akati pitiriza, dalaivala akakana ndiye kuti ndi waulesi. Tsopano amangoloza kamakina: maola atha, bwana, mukufuna tonse tikagwidwe? Ndiponso kampani imodzi siingathe kulanda katundu wa inzake pongofinya madalaivala ake, chifukwa onse ali pa muyezo umodzi. Malamulo amene amalume amayendera lero anakonzedwanso mu 2006, chaka chomwe kapepala ka phula kanayamba kulowedwa m'malo ndi kakhadi. Amati maola 9 patsiku, ndipo kawiri pasabata akhoza kufika 10. Pasabata asapyole 56, pa masabata awiri asapyole 90. Akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45. Tsiku lililonse apumule maola 11, ngakhale pali masiku ena amene amaloledwa kuchepetsa mpaka 9. Britain itatuluka mu EU mu 2020 malamulowa inawasunga.

Nanga ife a mavani? Tinatsalira mu 1968. Maola 10 ndi 11 aja akadalipo ku England, Scotland ndi Wales, ndipo akukhudza ngakhale wodzilemba ntchito yekha: nthawi imene ukupakira, kutsitsa ndi kusamalira katundu imawerengedwa. Akakugwira ukhoza kulipitsidwa chindapusa. Koma vani yosapyola matani 3.5 siifunika tacho, ndiponso dalaivala wake sakakamizidwa kulemba maola ake paliponse. Ndiye kuti tabwerera ku 1930: lamulo lilipo, mboni palibe.

Mwina wina afunsa kuti nanga lamulo la maola 48 pasabata lija? Ku Britain linafika mu 1998, koma lili ndi zitseko ziwiri zotulukira. Choyamba, wantchito akhoza kusaina kuti iye akulola kupyola, ndipo pepala limeneli nthawi zambiri amakupatsa limodzi ndi mapepala ena tsiku loyamba. Chachiwiri, silikhudza munthu amene ndi wodzilemba ntchito yekha. Mukukumbuka mawu aja a zaka za m'ma 1800, akuti amuna akuluakulu ndi aufulu, azigwirizana okha ndi mabwana? Abweranso atavala jekete lonyezimira. Kampani imati sitinakulembe ntchito, ndiwe mnzathu pa bizinesi. Koma njira akusankhira ndi iwo, mtengo akuika ndi iwo, yunifolomu ndi yawo, ndipo ukajomba amakulanga.

Mu Novembala 2016 BBC inaonetsa kafukufuku wa mtolankhani amene analowa mwachinsinsi ntchito yogawa katundu wa Amazon kudzera ku kampani ina yolemba madalaivala. Madalaivala anafotokoza zopyola maola 11, zothamangitsa galimoto kuti akwanitse, ndi zosowa ngakhale nthawi yopita kuchimbudzi. Za botolo lija timaseka tikakhala tokhatokha ku depoti, koma si nthabwala.

Kenako kunabwera nkhani ya Don Lane. Anali bambo wa zaka 53 wa ku Dorset, amene anagawa maphukusi a DPD zaka 19 ngati wodzilemba ntchito yekha. Ankadwala matenda a shuga. Tsiku lina atapita kukaonana ndi dokotala, kampani inamulipiritsa mapaundi 150 chifukwa sanapeze womugwirira ntchito. Masiku ena okaonana ndi madokotala anawaphonya. Anakomokapo kangapo, kamodzi ali mu vani, ndipo anagwirabe ntchito nyengo ya Khrisimasi akudwala. Anamwalira mu Januwale 2018. Mkazi wake atafotokoza nkhaniyi m'nyuzipepala, dziko linagwedezeka, ndipo kampaniyo inathetsa chindapusa chija. Pakati pa James Holmes ndi Don Lane pali zaka 125. Funso lomwe anafunsidwa ndi limodzi: nanga akugwirire ndani?

Kuchokera pamenepo nkhondo yakhala ikumenyedwera m'makhothi, ndipo yasanduka nkhondo ya dzina: kodi munthuyu ndi ndani? Mu Juni 2018 bwalo la milandu ya zantchito ku Leeds linagamula kuti gulu la madalaivala a Hermes, kampani yomwe pano imatchedwa Evri, si odzilemba ntchito okha koma antchito oyenera malipiro osatsika pa muyezo wa boma ndi tchuthi cholipidwa. Anawathandiza ndi bungwe la ogwira ntchito la GMB. Mu Febuluwale 2021 khothi lalikulu kwambiri la dziko lino linagamula chimodzimodzi pa madalaivala a Uber, n'kuwonjezera mfundo imene ine ndinaikonda: nthawi ya ntchito siiyamba pokhapo pamene wanyamula munthu, koma pamene watsegula app uli m'dera lako, wokonzeka kulandira ntchito. Kudikira nakonso ndi ntchito. Ndinakumbukira maola onse amene ndinaima pamzere ku depoti, m'chisanu, osalipidwa ngakhale kobiri. Amene mumakonda mafilimu, Ken Loach anajambula moyo umenewu mu 2019 mufilimu ya Sorry We Missed You. Ine ndinalephera kuimaliza tsiku limodzi.

Ku EU mzere wa matani uja wayamba kusuntha. Lamulo lawo likuti kuyambira pa 1 Julayi 2026 mavani opyola matani 2.5 amene amanyamula katundu kudutsa malire a mayiko azikhala ndi tacho. Koma amene amazungulira m'makwalala a mzinda umodzi, ngati mmene ndinkachitira ine, sizikumukhudza.

Tsopano taonani chodabwitsa chake. Madalaivala a malole a m'ma 1970 ankaopa kazitape wa m'galimoto. Ine ndinali ndi kazitape woposa ameneyo kutalitali, m'thumba mwanga. Foni ya ntchito inkadziwa mphindi imene ndasikana phukusi loyamba, msewu uliwonse umene ndadutsa, khomo limene ndachedwapo, nthawi imene ndasikana lomaliza. Ikanafuna, ikanatha kundiuza kuti maola 11 akwana, bwerera. Siinandiuzepo. Inkangondiuza kuti ndatsalira m'mbuyo. Tacho ya amalume imawerenga maola kuti iwo aime. Foni yanga inkawerenga masekondi kuti ine ndithamange. Zonse ndi makina olemba nthawi, kusiyana kwake ndi amene akuwerenga zolembedwazo, ndi chifukwa chimene akuwerengera.

Ndicho chinthu chimodzi chomwe ndatola m'mbiri yonseyi. Kulemba nambala m'lamulo n'kosavuta, anachita kale mu 1930. Nambalayo imayamba kugwira ntchito pokhapokha pakakhala cholembedwa chimene bwana sangachifufute, dalaivala sangachinamize, ndipo munthu wachitatu ali ndi mphamvu yochiwerenga. Malole zinawatengera zaka 50 kuti afike pamenepo. Mavani sanafikebe. Tulo tokha ndi timene sitiyang'ana kulemera kwa galimoto. Vani ya matani atatu ikalowa pamphambano yopanda woiyendetsa, mwana amene akuwoloka sangafunse kuti ili mbali iti ya mzere.

Ndikudziwa kuti ambiri amene mumawerenga tsamba lino muli kumudzi, ndipo mwina mukuti awa ndi mavuto a anthu okhuta. Walira mvula walira matope, munapita nokha kunjako. Sindikukana. Koma geni yotumiza katundu yafikanso kwathu. Mukagula chinthu pa Facebook kwa munthu wa ku Blantyre n'kuchilandira ku Mzuzu m'mawa mwake, dziwani kuti pali wina amene wachezera pa chiwongolero. Mnyamata wa njinga yamoto amene wakubweretserani chakudya usiku, munamufunsapo kuti wadzuka nthawi yanji? Ndipo amene muli ndi achibale kuno, akachedwa kuyankha uthenga musathamangire kunena kuti ayamba matama. Mwina ali pa maloboti ena ake.

Ine zomwe ndinachita n'zazing'ono. Lolemba lake ndinagula kakope n'kuyamba kulemba: nthawi yofika ku depoti, nthawi yonyamuka, nthawi yomaliza. Sabata yoyamba ndinangolemba osasintha kanthu, kuti ndione. Masiku 6, maola 79. Ndinajambula tsambalo n'kuwatumizira amalume. Anayankha ndi mawu awiri okha: "Ukufuna kufa?"

Sabata yachiwiri, tsiku lina maola 11 anakwana ndili ndi maphukusi 9. Ndinakhala mu vani mphindi zingapo ndikulimbana ndi mtima. Naini yokha, aise, theka la ola basi. Koma ndinadziwa kuti mawa idzakhala 15, mkuja 23. Ndinatembenuza galimoto kubwerera ku depoti. Woyang'anira, mnyamata wocheperapo kwa ine, anayang'ana maphukusiwo, n'kuyang'ana ine. Ndinamuonetsa kakope kaja, ndi tsamba la boma pa foni. Anawerenga ndithu mpaka pansi. Kenako anati iyenso sankadziwa, koma kompyuta siidziwa zimenezo, ndipo ndalama ya maphukusi obwerera idulidwa. Inadulidwadi. Mu Januwale masiku anga a ntchito anayamba kuchepa popanda wondiuza chifukwa. Mwina unali mwezi wopanda katundu chabe. Mu Febuluwale ndinabweza vani.

Fizi ya mlongo wanga inachedwa ndi mwezi wathunthu, ndipo ndinachita kukongola kwa amalume omwewo. Tsiku limene ndinapita kukatenga ndalamazo sanali pakhomo, choncho ndinawaimbira. Anayankha msanga, kumbuyo kukumveka magalimoto akudutsa.

"Muli pa msewu, amalume? Ndiimbenso?"

"Ayi, lankhula. Ndaima. Ndili ndi mphindi 45."